Dinala, Leka Ukali

Ndirande, Blantyre
9 Ogasiti, 1986

Achemwali anga Esime,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Che Amidu ndi ana. Mayi aakulu Abiti Jaffalie akupeza bwanji miyendo ija? Ife kuno tili moyo, kungoti chiperoni chatikhalira pakhomo, moti malaya ochapa akumanunkha chinyontho asanaume.

Nsomba munapatsira kondakitala wa basi zija zinafika, koma dengu linapepuka panjira. Sindikunena kuti munthu anatapako. Mwina chambo chouma chimatsika chokha basi ikaima pa Liwonde.

Tsono nkhani ndi iyi, ndipo muimve mutakhala pansi. Mzungu amene amaphunzitsa timu ya mpira ya dziko uja wabwerera kwawo. Akomiti ya mpira agawikana. Ena akuti aitane mzungu wina, ndipo mapepala ake ali kale patebulo. Ena akuti zakwana, timu ya dziko aitenge mwana wa dziko lomwe lino. Dzina limene akutchula ndi langa. Ine ndemwe, Dinala Atumani, amene ndinayambira mpira wachikulunga pamchenga wa kwa Mponda, zala zakumapazi zili magazi okhaokha.

Kuti ndinavala yunifomu ya dziko ndikusewera kumbuyo, anthu akudziwa. Kuti timu ya kampani yathu ndinaitola pansi n'kuikweza, akudziwanso. Koma kukhala kochi wa dziko lonse! Dzulo ndinapita kusitediyamu kulibe munthu, ndinakhala pabenchi ya kochi n'kuyang'ana mipando yonse ija mpaka kumwamba.

Chonde musalengeze. Nkhaniyi ikadali m'kamwa mwa akuluakulu, ndipo masiku ano munthu amagwa ndi liwu limodzi. Ingondichitirani dua, mundipempherere.

Ndine mlongo wanu,
Dinala


Kwa Mponda, Mangochi
21 Ogasiti

Achimwene,

Waleikumu salamu. Tonse tili bwino, alihamudulila. Miyendo ya mayi aakulu ikadali yotupa, koma pakamwa pali bwinobwino. Mukapeza wobwera kuno mutipatsireko mabatire a wailesi, a m'sitolo za kuno akumatha nyimbo ili pakati.

Mwati tisalengeze? Mwachedwa, achimwene. Kalata yanu ili m'thumba la positi, wailesi inali italengeza kale. Ndinali pakhonde ndikupala chambo, alamu anu, bambo a Zena, atatsegula pologalamu ya zamasewero ija amawerenga makalata a omvera. Ndinangomva, "Dinala Atumani wa ku Mangochi." Mpeni unagwa. Dzina lomwe malemu mayi athu ankalikuwa kudooko kuti mubwere mudzadye, lero likutuluka m'kabokosi, ndipo nthawi yomweyo akulimva wa ku Nsanje, akulimva wa ku Chitipa. Ndinalira, sindibisa, mamba ali m'manja.

Chiyambire tsikulo kuno kulibe nkhani ina. Pamsika, pamlatho, ngakhale potuluka kumzikiti Lachisanu, anthu akungokangana za kochi. Choseketsa n'chakuti amene akukuikirani kumbuyo kwambiri ndi Aphunzitsi a Jenkins, a ku Malindi aja, omwe ankakukwapulani chifukwa chothawa masamu. Akuti, "Mzungu amatha chaka akuphunzira mayina a anyamata, akangowadziwa n'kukwera ndege. Dinala amazindikira mwana amene wabwera pabwalo asanadye pongoona kathamangidwe kake." Nanga amene akukukanani ndani? Alamu anu, mwamuna wanga, wodya m'mbale yanga! Akuti, "Alamu ndimawakonda, koma mpira unabwera pasitima. Mwini chinthu ndiye amadziwa pomasulira chikavuta." Ndawauza kuti akapitiriza azikadya kwa mzungu wawoyo.

Mayi aakulu anamvetsera zonsezi. Kenaka anandiitana. Anati, "Amwali, anthu onsewa akukanganirana mwana wanga, wamupereka ndani? Akomitiwo anabwera kudzatifunsa ife?" Ndinati ayi. Anati, "Basi, n'chifukwa chake akukayika. Munthu sakwera pampando eni ake asanamupereke. Akumuona ngati alibe kwawo."

Anaitanitsa mbumba yonse, alongo anu ndi amayi anu aang'ono, mpaka a ku Chiponde anabwera. Tinakhala pamkeka kuyambira m'mawa, ine ndili ndi cholembera. Zambiri sindinena. Muzitsegula wailesi Lachisanu, mudzadziwa kuti muli ndi anthu kumbuyo kwanu.

Mlongo wanu wonyada,
Esime


Ndirande
30 Ogasiti

Esime,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli m'malo.

Mwandichita chiyani? Iwe Esime, iwe amene unafika ku sekondale, unagwira cholembera ndi dzanja lako n'kulemba zimene zija?

Ndinatsegula wailesi monga unanenera. Ndinaitananso anzanga a kuntchito ndi kaputeni wa timu ya dziko, kuti adzamve mmene kwathu amandikondera. Ndinawagulira ndi zakumwa zomwe. Muulutsi anati walandira kalata yomwe sanaionepo chiyambire ntchito, ndipo anaiwerenga yonse. Ndikulembera pano kuti uimve mmene imamvekera kuno:

"Ife mbumba ya Dinala Atumani, kwa Mponda, tamva kuti dziko likufuna mwana wathu. Tisanamupereke, timulange pamaso panu. Dinala, leka ukali. Dinala, leka kuyankha akulu asanamalize kulankhula. Dinala, ukatsimikiza chinthu sumva za munthu, leka. Dinala, leka kugona ndi mkwiyo. Dinala, leka kukalipira mwana pagulu. Tamulanga, tsopano mutengeni."

Pofika pachitatu muulutsi uja anali akuseka moti anachita kupuma kaye. M'nyumba mwanga munalibe woseka. Anzanga aja anamwa msangamsanga n'kutsanzika. Kaputeni yekha anakhalako pang'ono, akuyang'ana pansi.

Lero m'mawa ndakumana ndi mkulu wina wa komiti, yemwe anali mbali yanga kuyambira pachiyambi. Wanditengera pambali n'kunena kuti, "A Atumani, ngodya za dziko lino ndi zinayi, ndipo kumvera ndi imodzi mwa izo. Ngati amayi anu omwe akuuza dziko kuti simumva za munthu, ife tikanena chiyani kumwambako?" Iwe ukudziwa nthawi imene tikukhalayi. Mawu akuti "samvera" si mawu oseweretsa. Alipo anthu amene anachoka pantchito ndi mawu ochepera pamenepo, ndipo abale awo sadziwa kolembera kalata.

Amene akufuna mzungu sakuvutikanso n'kukamba za mapepala ake. Akungoti, "Funsani kwawo." Ana a mu Ndirande akundithamangira kumbuyo akuimba, "Dinala, leka ukali!" Ndinavutikira mpando umenewu moyo wanga wonse, adani anga analephera kundigwetsa, ndagwetsedwa ndi mkeka wa kwathu.

Mabatire sinditumiza. Mwamva zokwanira.

Dinala


Kwa Mponda
8 Seputembala

Achimwene anga,

Salamu. Kalata yanu ndinaiwerenga ndili chiimire papositi, ndipo sindikudziwa mmene ndinafikira kunyumba.

Wallahi, ndikulumbira, achimwene, tsiku lija kuno kunali chikondwerero. Kalata itawerengedwa amayi anavina mpaka fumbi, ndipo ine ndinagona ndikuti mlongo wanga tamukweza. Sizinandifike m'mutu ngakhale pang'ono kuti ku Blantyre akaimva mwina.

Kodi mwaiwala tsiku limene malemu amalume ankalowa kukhala mwini mbumba yathu? Tinawakhazika pamkeka, miyendo atatambasula, mutu atazolika. Amayi ankabwera mmodzimmodzi kuwauza zoipa zawo zonse, za mowa wobisa, za kuumira, iwo osayankha ngakhale liwu limodzi. Atamaliza kunali nthungululu, munthu n'kuwagwira pamkono kuwadzutsa, ndipo kuyambira pamenepo anali mutu wa tonsefe. Inu munalipo, munkaseka kuseri kwa nkhokwe. Ife tinachita zomwezo. Mkeka unali kutali, ndiye tinati wailesi ikhale mkeka wathu.

Ndikanayenera kuganiza, ndine ndinapita kusukulu. Ngati mpando wakuphonyani chifukwa cha dzanja langa, sindikudziwa kuti ndidzakuyang'anani bwanji.

Mayi aakulu ndawawerengera kalata yanu. Akuti ndilembe mawu awo mmene akutulukira, ndisakonze. Ndi awa:

"Iwe Dinala. Munthu amene sitikumufuna sitimulanga, timangomuyang'ana azipita. Tinatchula zoipa zako pagulu kuti mdani asadzapeze chatsopano chokunenera. Ngati anthu a ku Blantyre amakweza munthu ndi zabwino zokhazokha, ndiye kuti amakweza munthu amene sakumudziwa. Pa zimene tinanena zija, chabodza n'chiti? Ngwamba, palibe. Ndipo kalata yakoyi ndaimva. Wolangidwa sayankha, iwe wayankha masamba awiri. Ukali uja ulipobe."

Ndalemba monga ananenera. Musandikwiyirenso pa zimenezi.

Tiyankheni, chonde, ngakhale mzere umodzi.

Esime


Chiponde
29 Seputembala

Alamu,

Salamu aleikumu. Ndine Amidu. Kulemba makalata si ntchito yanga, ndiye mukhululuke zilembo. Ndikulembera pachipata cha malire pano podikira kuti a kasitomu aone katundu wanga. Ndakwera mapiri a Namwera ndi njinga yodzaza usipa, ndipo njira yonse ndimaganiza za inu.

Alamu, mwezi ukutha osamva za inu. Kunyumba kwanga kulibe mtendere. Mlongo wanu amapita kupositi ngati walembedwako ntchito, akabwerako chimanjamanja sadya. Waonda, nsalu ikumuzungulira kawiri. Wailesi sakufuna kuimva, ndimachita kukamvetsera kwa Aphunzitsi a Jenkins.

Sabata yatha kunabwera atcheyamani a nthambi ya chipani ndi ayufi awiri. Anati amva kuti pakhomo pano pali mwana wosamvera, ndiye afuna adziwe kuti samvera yani. Apongozi anawayalira mkeka, anawaonetsa makadi athu onse a chipani, kenaka anati, "Samvera ine. Inunso, Che Tcheyamani, amayi anu ndinkatunga nawo madzi, mufuna ndikuuzeni zimene ankanena za inu?" Atcheyamani anaseka, anamwa thobwa n'kumapita. Koma ine sindinaseke, chifukwa ndaonapo anthu otere akubweranso.

Za mpirazi ndinene chilungamo. Ine ndinali wa mzungu, ndipo mumtima pang'ono ndikadali wa mzungu. Koma tsopano aliyense wonena zimenezo pamaso panga ndimakangana naye. Dzulo pano panali mkangano waukulu, oyendetsa malole, osintha katundu, mpaka msilikali wa kutsidya amene Chichewa chake n'chothyokathyoka. Wina anati munthu wonyozedwa ndi amake sangatsogolere dziko. Mkulu wina wogulitsa mchere, wa ku Dedza, anati, "Wanyozedwa kapena walangidwa? Kwathunso timatero. Ine ndikadakhala wakomiti ndikanafunsa kuti mzunguyo amake akuti chiyani, popeza sitinawamve." Anthu anaseka, koma ambiri anagwedeza mutu. Ndinadabwa, alamu. Dzina lanu lawoloka malire opanda chiphaso.

Kalata ya kuwailesi ija ndinakaponya ndine. Ndinaona kuti mwina sizikhala bwino, koma ndine mkamwini, pabwalo la mbumba ndilibe pakamwa. Ngati mukufuna wokwiyira, kwiyirani ine. Mlongo wanu mulembereni.

Mlamu wanu,
Amidu


Ndirande
16 Okutobala

Achemwali,

Salamu. Kalata ya alamu ndailandira. Idyani, musadzizunze, ana akukuyang'anani.

Zinthu zili chonchi. Akomiti alephera kugwirizana. Mzungu akuti sangafike chaka chisanathe, koma pa 1 Novembala tili ndi masewero ndi timu ya dziko lina, konkuno ku Blantyre. Ndiye andibwereka timu kwa masewero amodzi okhawo. Akatha adzakhala pansi n'kusankha. Amene sandifuna avomera mosavuta, chifukwa akudziwa kuti alendowo ndi akatswiri, ndipo akuyembekeza kuti ndidzapsa mtima pamaso pa akuluakulu onse, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tikamakonzekera, anthu amadzaza kumpanda kudzandiimba nyimbo ija. Aipezera ndi mayimbidwe ake, mbali ina ikuyambitsa, ina ikuvomera. Mawu onse a m'kalata muja akuwadziwa pamtima kuposa mmene ana amadziwira mathebulo a masamu.

Musabwere. Sindinafike poti n'kukuonani. Koma ndaika mabatire m'kaphukusi aka.

Dinala


Kwa Mponda
1 Novembala

Achimwene, achimwene!

Salamu, ndipo mundikhululukire, moni wautali ndilemba tsiku lina. Dzuwa silinalowe, anthu akadali pabwalo pano, koma ine ndathawira m'nyumba kuti ndilembe zisanandichoke m'thupi.

Wailesi tinaiika pampando pansi pa mtengo wa mango. Kunabwera anthu amene sindinawaonepo: asodzi a ku Malombe, amayi a pamsika, Aphunzitsi a Jenkins atavala tayi kutentha konseku, ngakhale ashehe anaima chapatali ngati akungodutsa. Mayi aakulu tinawakhazika pafupi, miyendo tawasanjikira pamtsamiro.

Alendo ndiwo anagoletsa choyamba. Kenaka, nthawi yopuma ili pafupi, anyamata anu anagoletsa. Tinalumpha, bambo a Zena anagwetsa njinga ya eni ake. Tisanakhale pansi muulutsi anakuwa kuti oyimbira akana chigolicho. Ndipo anapitiriza, "Dinala wanyamuka! Dinala akuthamangira kwa oyimbira! Amugwire, amugwire!" Ndinatseka maso. Ndinati basi, zatha, ndipo wamupha ndine.

Pamenepo m'wailesi munayamba kutuluka chinthu chimene sindidzaiwala mpaka kumanda. Poyamba ndinayesa mphepo. Chinakula, chinakula, mpaka kabokosi kanayamba kunjenjemera pampando. Anali anthu, achimwene, sitediyamu yonse, liwu limodzi: "Dinala, leka ukali!" Mawu amene anatuluka m'kamwa mwa mayi aakulu pamkeka uno, amene ndinawalemba ine ndi cholembera cha Zena chotafunidwa kumapeto, akuimbidwa ndi khamu loti Mangochi yense sangalikwanitse. Mayi aakulu anandigwira dzanja. Anafunsa chapansipansi, "Amwali, onsewo ndi anthu?"

Nyimbo inapita mpaka kumapeto, mzere ndi mzere. Kenaka inazima. Muulutsi naye anasiya kulankhula. Wailesi inangoti duu. Bambo a Zena anaimenya ndi chikhatho poyesa kuti mabatire atha. Aphunzitsi anati, "Isiyeni, ikugwira. Tamverani, mukumveka mbendera." Ndipo zoonadi munkamveka nsalu ikukupiza ndi mphepo, pamalo odzaza anthu chotero.

Muulutsi atabwerera, mawu ake anali ena, aang'ono. Anati, "Amayi ndi abambo, sindikudziwa ndinene bwanji. Dinala Atumani wakhala pansi. Osati pabenchi. Wakhala paudzu, m'mbali mwa mzere. Watambasula miyendo, wazolika mutu."

Mayi aakulu, amene chaka chino sanaimepo opanda ndodo, anaimirira okha. Anati, "Wavomera." Analuluta nthungululu imene sindinadziwe kuti ikadalimo m'chifuwa mwawo. Ndipo achimwene, Mulungu ndi mboni, wailesi inawayankha. Nthungululu inatuluka mmenemo, ina pamwamba pa inzake, mpaka sitinathe kusiyanitsa za kuno ndi za kumeneko. Ashehe aja ndinawaona akupukuta m'maso ndi mpango.

Zoti anyamata anabweza chigoli chigawo chachiwiri n'kuthera chimodzi kwa chimodzi, tamva, ndipo amuna akukambirana zimenezo panja. Bambo a Zena akuuza aliyense kuti iwo ankadziwa kuyambira kale. Koma mayi aakulu za zigoli alibe nazo ntchito. Akufunsa chinthu chimodzi, ndipo akuti muyankhe msanga: anakudzutsani ndani? Akuti wolangidwa sadzuka yekha, ndipo ngati munadzuka nokha mwambo sunathe.

Ine mlongo wanu,
Esime


Ndirande
10 Novembala

Achemwali anga okondedwa,

Salamu aleikumu, inu, alamu, ana, ndi mayi aakulu makamaka. Kalata yanu ndaiwerenga kangapo, ndipo ndi mmene ndadziwira kuti zinachitikadi, chifukwa ine ndimayesa ndinalota.

Chigoli chija chinali chabwinobwino, ndidzanena zimenezo mpaka kufa. Oyimbira atakana, sindinaganize kanthu. Ndinangopezeka ndili pamzere, magazi akulira m'makutu, mawu amene ndimati ndiwauze ali kale pamilomo. Apolisi anali atayamba kuyenda kubwera kwa ine. Kumtunda kwa akuluakulu ndinaona anthu akutsamira kutsogolo kuti aone bwino.

Pamenepo nyimbo inandigwera. Musaganize kuti ankaimba mwachikondi, achemwali. Ankandinyoza, ena akuseka, ena akundiloza. Koma anthu ochuluka chotero akatchula dzina lako pamodzi, nthaka imanjenjemera pansi pa mapazi, ndipo ndinaimva m'mawondo. Ndinatembenuka kuti ndiwatukwane. Nditakweza maso, ndinaona mitu kuchokera pansi mpaka kumwamba, mbali zonse, ndipo pakamwa paliponse pakutuluka mawu a mayi amene anandilera. Mungayankhe bwanji amayi anu ali pakamwa pa dziko lonse? Miyendo inadziwa chochita mutu usanadziwe.

Ndili pansipo ndinamva mzere uliwonse. Ndinali ndisanaimvepo kalata ija, ndinkangoikwiyira. Atafika pakuti "leka kukalipira mwana pagulu," ndinakumbukira kuti goloboyi wathu ndinali nditamukalipira kumene pa chigoli choyamba chija. Kenaka kunakhala bata lija munalimvalo. Kuseka kunatha. Ndikhulupirira kuti ambiri mwa anthu aja anachokera kumidzi kumene anaonapo munthu atakhala chotero, ndipo anazindikira kuti zimene ankachita mwachipongwe zasanduka zenizeni m'manja mwawo. Mayi wina kumipando yotsika mtengo ndiye anayambitsa nthungululu.

Tsono yankho la mayi aakulu. Sindinadzuke ndekha. Ndinadziwa kuti sindiyenera, ndipo ndinakhala pamenepo ndikuopa kuti palibe amene akudziwa, ndidzakhala mpaka mdima. Oyimbira analiza wezulo yopumira. Ndinaona nsapato zamatope zitaima patsogolo panga. Anali kaputeni, mnyamata wa ku Karonga, amene Chiyao sadziwa ngakhale moni, yemwe uja anali m'nyumba mwanga tsiku la kalata. Anagwada, anandigwira pamkono ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Dzukani, bambo. Tamva tonse." Anzake onse anali kumbuyo kwake.

Akomiti anakumana Lachisanu. Ndamva kuti anakangana kwambiri, ndipo ena akadali ndi mtima wa mzungu. Mkulu uja anandiuza za ngodya zinayi ndi amene anaimirira n'kunena kuti iye sanaonepo kumvera koposa kuja, ndipo amene akufuna kukafotokozera anthu a m'sitediyamu kuti munthu amene anamululutira sanatengedwe, apite yekha. Palibe anadzipereka. Andipatsa timu, achemwali. Alengeza mawa.

Dzanja lanu lija musalidandaule. Ndibwera mvula isanakhazikike, ndidzakhale pamkeka weniweniwo, ngati pali zina zimene munasiya.

Mlongo wanu,
Dinala


Kwa Mponda
19 Novembala

Iwe Dinala, mwanangu,

Ndine mayi ako, Abiti Jaffalie. Akulemba ndi Esime, ndipo ndamuuza kuti akasintha liwu limodzi ndidziwa.

Salamu. Miyendo ikupweteka, ndinaiwonjeza tsiku lija. Ukamabwera unditengere mafuta opaka miyendo.

Tamva pawailesi. Anthu adzaza pakhomo ngati pali ukwati, ndipo akundigwira chanza anthu amene sanandipatsepo moni. Mnyamata wa ku Karongayo umuuze kuti ali ndi mayi ku Mangochi. Akadzabwera ndidzamuphera nkhuku.

Esime akundifunsa chimene ndikulirira pamene onse akuvina. Ndamuuza kuti alembe, umve nawenso.

Ine ndinkayesa dziko ndi anthu ochepa, onga a kwa Mponda kuwonjezapo a ku Namwera. Tsiku lija ndinawamva. Sindinadziwe kuti ndikukupereka kwa anthu ochuluka chotero. Ndikanadziwa, kaya ndikanalimba mtima.

Pamkeka usabwerenso kudzakhala, palibe chimene tinasiya, ndipo si ifenso okulanga. Ife tinkakulanga kamodzi, tikatha n'kukuphikira. Awo adzakulanga Loweruka lililonse, pabasi, pamsika, pamaliro pomwe, ndipo si masiku onse amene adzamalize ndi nthungululu. Lidzafika tsiku limene udzakhala pansi, iwo n'kumapita kwawo osakudzutsa.

Tsiku limenelo usadzuke wekha, ndipo usadikire mdima. Tumiza mawu kuno. Ndidzakwera basi ndi miyendo yomweyi.

Mayi ako